Lilongwe, Zomba kapena Mua: gulu la ku Kasungu lofuna kuona mbiri ya likulu lipite kuti?

Fodya akangogulitsidwa pa Chinkhoma, m'matumba mwayamba kulemerako, magulu amayamba kukamba za ulendo. Makwaya, ma banki mkhonde, ma club a History m'ma CDSS, ngakhale mabanja basi. Ambiri amathamangira kunyanja, Senga Bay kaya Nkhotakota, palibe cholakwika, koma alipo ena amafuna ulendo woti ana akabwereko ndi kenakake m'mutu, akaone komwe boma la dziko lino linkakhala ndi komwe likukhala pano. Mkangano umayambira pomwepo, awa akuti Lilongwe, awo akuti Zomba, wina kumbuyo aponyapo Mua. Ine ndiyika maganizo anga poyera, amene sakugwirizana nawo ndi ufulu wake.

Lilongwe ndi pakhomo. Kuchoka pa Kasungu boma ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1, kudutsa Chinkhoma, Bua, Madisi, Mponela, Lumbadzi mpaka Kanengo. Mukanyamuka 6 koloko m'mawa ndiye kuti cha m'ma 9 muli m'tauni, pokhapokha minibasi yanu ikhale ija yoima siteji iliyonse kudikira munthu amene akadali kubafa. Madzulo mwabwerera kwanu, za malo ogona palibe, ndipo apa mpamene Lilongwe imawinira, chifukwa ndalama yambiri pa ulendo wa gulu imathera kogona ndi chakudya, thiransipoti imachita kubwera pambuyo.

Koma anthu ambiri Lilongwe amaiyenda chobwerera. Amakhala m'basi mpaka ku depoti ku Area 2, atsike m'chipwirikiti muja oitanira akuwakoka zikwama, kenaka ayambe kufunsa kuti ya ku City Centre ndi iti, kubwereranso komwe adutsa kale. Ife olowera ku Kanengo tili ndi mwayi, msewu wathu umayamba wafika mbali yomwe kuli zoti tione. Tsikirani pa interchange ya Area 18. Chapafupi pomwepo pali chipilala chachitali chija chokumbukira asilikali omwe anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945, ndipo kutsogolo kwake kuli chiboliboli cha Kamuzu ali mu suti, litchowa kumanja. Mufunse mlonda ngati akulola kukwera pamwamba, mukakwera mumaona Capital Hill yonse ndi mmene mzindawu unamwazikira m'mitengo. Kuchoka apo ndi wapansi kapena kabaza kutsata Presidential Way mpaka ku manda a Kamuzu ndi Nyumba ya Malamulo, ziwirizi zinayandikana.

Ku mandako ndi kumene anthu akwathu amachedwa. Ngwazi inamwalira pa 25 November 1997 ku chipatala ku Johannesburg, koma chinyumba cha pamandacho chinatsegulidwa pa 14 May 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mukapita ndi azimayi achikulire omwe anavinapo ngati mbumba simufunanso wofotokoza, amayamba okha kuzitchula ngodyazo motsatana, wina ayambitse nyimbo, ana a sukulu angoti kukamwa yasa kudabwa kuti agogo zonsezi anaziloweza liti. Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa mu 2010, anamanga ndi ndalama za ku China. Isanamangidwe aphungu ankakumanira ku New State House, nyumba yachifumu yomwe Bakili Muluzi sanafune kukhalamo, koma Bingu atalowa mu 2004 ananena kuti nyumbayo aifuna. Ngati mukufuna kulowa mkati, kapena kukhala pa mipando ya alendo aphungu akukambirana, lembani kalata kukadali nthawi ku ofesi ya mlembi wa nyumbayo, osangotulukira pa geti ndi ana 60 atavala ma t-shirt a club. Ndipo muvale bwino, za kabudula ndi patapata kumeneko ayi.

Tsopano vuto la Lilongwe ndinene mosabisa. Mzindawu unakhala likulu mu 1975. Bungwe lomanga, Capital City Development Corporation, linakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira zinali ngongole yochokera ku South Africa ya nthawi ya tsankho, poti a ku Britain sanaione nzeru yosamutsa likulu. Chifukwa chomwe chinkanenedwa nchoti likulu likhale pakati, chitukuko chifike kuchigawo chapakati ndi kumpoto, ngakhale kuno kwathu timangoti mkuluyo anakokera likulu kufupi ndi kwawo, nanga tibisenji. Ndiye zonse zimene mumaona ku City Centre nzatsopano, ndipo zimakamba mbali imodzi ya nkhani. Ili ngati nyumba yoti mwini wake anangopachika chithunzi chake chokha pakhoma. Museum yaikulu ya boma kulibe, ili ku Chichiri ku Blantyre. Zinthu zinatalikirana, dzuwa la October likakupezani pakati pa Capital Hill ndi Reserve Bank mulibe galimoto mudzatukwana amene anabweretsa ganizoli. Loweruka ndi Lamlungu City Centre imakhala zii, maofesi otseka, ndiye ulendo uwu ngwa pakati pa sabata basi.

Masana mutha kutsikira ku Old Town kuti muone Lilongwe ya anthu. Boma la atsamunda linayambira tsidya la Area 3 koyambirira kwa zaka za m'ma 1900, amwenye nkumanga mashopu tsidya linalo, mpaka lero mukadutsa pa mlatho mumaona mzikiti waukulu uja, msewu wa Malangalanga, msika waukulu, kaunjika wa ku Tsoka, ndi timilatho tamitengo tija tolipiritsa powoloka. Foni m'thumba lakutsogolo, ana agwirane manja. Amene ali ndi ana ang'onoang'ono angachite bwino kulowa ku Lilongwe Wildlife Centre pa msewu wa Kenyatta, pakati pa Old Town ndi City Centre, kuli mthunzi ndi anyani, koma kwa ife okhala khomo ndi khomo ndi Kasungu National Park si chinthu choti nkuthera tsiku.

Zomba ndiye nkhani ina. Ndi kutali, palibe kunamizana. Kuchoka Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 290, kuphatikiza athu aja ndiye kuti mwadutsa 400, kudzera Dedza, Lizulu, Ntcheu, kukhota pa Chingeni kulowera Balaka, Liwonde, Machinga, Domasi. Tsiku lathunthu lili pamsewu, lina lobwerera, ndiye pamafunika masiku atatu ndi kugona kawiri. Amene amati tinyamuka 2 koloko usiku tikabwera tsiku lomwelo akungofuna kukajambulitsa pa chikwangwani cha Zomba, ndipo akuika moyo wa anthu m'manja mwa dalaivala wa tulo.

Koma ndalama ikakhalapo, ine ndimavotera Zomba mosaganiza kawiri. Tauniyi njaing'ono, zambiri mumaziyenda wapansi mumthunzi wa mitengo ikuluikulu m'tsinde mwa phiri, ndipo pafupifupi ngodya iliyonse pali chinachake chimene mwana anachiwerenga mu History. Linakhala likulu kuyambira 1891, nthawi ya Harry Johnston, dziko lisanatchedwe nkomwe Nyasaland, dzina lomwe linabwera mu 1907. Nyumba yomwe lero ndi Hotel Masongola inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan kuti mukhale kazembe wa Britain, ikadalipo ndi tinsanja take tiwiri. Pansi pake pali Botanical Gardens, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa pakati pa miyala, malo abwino kukhala pansi nkutsegula ma kontena a mpunga mmalo mokagula chakudya chodula. Chakufupi komweko kuli nyumba yakale ya malamulo, maofesi akale a boma a makonde aatali, Gymkhana Club komwe azungu ankasewerera, State House. Polowera kuchokera ku Blantyre kuli chipilala cha njerwa cha asilikali a King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks. Chenjezo laling'ono, ku State House, ku barracks ndi kundende musatulutse foni kuti mujambule, ana muwauziretu m'galimoto.

Chimene chimandikoka ine ku Zomba si kukongola kwa nyumbazo ayi, nchoti mbali ina ya nkhani ya Kamuzu, ija sitimaikamba kwambiri kuno kwathu, inachitikira kumeneko. Mu September 1964, miyezi iwiri yokha chilandirire ufulu pa 6 July, m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba ndi momwe munaphulikira kusamvana kwa nduna, Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi nkuchotsedwa, Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere nkutula pansi maudindo. Mu February 1965 Chipembere ndi anthu ake ananyamuka ku Mangochi kulunjika ku Zomba, ulendo wawo unathera pa Liwonde chifukwa pantoni yowolotsa pa Shire inali tsidya lina. Ndiye mukamawoloka mlatho wa Liwonde mphunzitsi asamangoti taonani mvuu, aimitseko galimoto anene nkhaniyi. Orton Chirwa anamwalira mu ndende ya Zomba mu 1992. Kunja kwa tauni kuli Mikuyu komwe ankasungirako anthu popanda kuzengedwa mlandu, wolemba ndakatulo Jack Mapanje anakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991. Ndipo mu May 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba komweko nkukapezeka atafa ku Mwanza. Gadama anali mwana wa kuno ku Kasungu. Mwana woti waona manda a ku Lilongwe okha, ndi mtengo wa kachere wa ku Mtunthama, ndi Kamuzu Academy, ndi nyumba ya Kamuzu ya Nguru ya Nawambe chapatali, wamva theka. Sindikuti tisiye kunyadira munthu wakwathu, koma mwana wa Form 3 ayenera kuziona zonse ziwiri aweruze yekha.

Palinso zina zomwe zimasangalatsa ana a sekondale mwapadera. MANEB ili ku Zomba, ndipo mudzaseka mmene amachitira chete akaona chikwangwani chake. National Archives, komwe amasunga makalata akale a boma, ilinso komweko, koma uku nkofunika kupangana nawo pasadakhale. Ndiye pali Chanco, yomwe inasamukira ku Zomba mu 1973 ndipo pano ikungotchedwa University of Malawi. Kumuyendetsa mwana wa ku Chulu kaya ku Wimbe pa Great Hall paja, aone anzake atanyamula mabuku akutuluka mu library, zimamugwira mtima kuposa zolankhula za ahedi pa assembly chaka chonse.

Tsiku lachiwiri masana kwerani phiri. Msewu wake ngokhotakhota, galimoto ikhale ya mabuleki abwino osati ija yoti kondakita amatsika kukaika mwala. M'njira mumakumana ndi azibambo akutsika ndi njinga zitasenza nkhuni mulu kuposa msinkhu wawo, nsapato ikukhukhuluza pa tayala mmalo mwa buleki, ndipo mukaona zimenezo simufunsanso kuti mitengo ya paini ikutha bwanji. Anyamata amakuthamangirani ndi timbale ta ma strawberry ndi mabulosi, ena miyala yonyezimira, mtengo woyamba musavomere. Pamwamba pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa tauni, mathithi a Williams, Sunbird Ku Chawe kwa amene ali ndi ya tiyi wodula, Queen's View, ndi Emperor's View komwe anaimapo Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, nchifukwa chake ma Rasta amapakonda. Kukakhala kowala mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Dzenje la Chingwe lili patali ndithu ndipo msewu wake ngovuta, nkhani imati kalekale ankaponyamo anthu, koma ndi kosita yodzadza ine ndingati lisiyeni. Tengani wokuperekezani wa komweko, njira za m'nkhalango zimasokoneza, komanso chifunga chimatsika mosachenjeza. Ndipo majuzi! Ife tinazolowera kuzizira kouma kwa June kuno kuchidikha, kwa ku Zomba nkonyowa, chiperoni chikabwera chimalowa mpaka m'mafupa.

Pa zogona, gulu lisathamangire ma loji. Kwaya ilembere mpingo wa chipembedzo chawo kumeneko, sukulu ilembere sukulu inzake yogonera konko nthawi ya holide, munyamule mphasa, zofunda, ufa, nyemba ndi mapoto, amayi awiri atatu aziphika. Mukatero mtengo wa Zomba umatsika kwambiri, chotsala ndi mafuta basi.

Nanga amene amati Mua akutanthauzanji, poti Mua sinakhalepo likulu? Ali ndi mfundo. Kufupi ndi Mua, cha ku Mtakataka m'boma la Dedza, kuli Mankhamba komwe kunali likulu la a Kalonga a Maravi zaka mazana angapo azungu asanaganize nkomwe za Zomba. Akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Yusuf Juwayeyi, anakumbako nkupeza mikanda, zitsulo, minyanga ndi mbale zochokera kutsidya kwa nyanja, kusonyeza kuti makolo athu ankachita malonda ndi kutali. Koma musayembekeze kukaona nyumba yachifumu, pamalopo ndi minda ndi midzi. Chooneka ndi maso chili pa mishoni ya Mua yomwe a White Fathers anayamba mu 1902, makamaka Kungoni Centre yomwe bambo Claude Boucher, aja anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. Mu museum ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka maliro, ndi chipinda chodzadza ndi nkhope za gule wamkulu mazanamazana. Apa ndiyenera kuchenjeza, gulu lokhala ndi akuluakulu a kudambwe limodzi ndi anthu oti sanalowe mukambirane musananyamuke, alipo amene sizimawakomera kuona zinthu zimenezi zili poyera, ndiponso alipo a mipingo ina amene amakana kulowamo. Bola kudziwiratu kusiyana nkukakanganirana pakhomo la eni. Za kujambula mufunse kaye.

Mua kuchoka kuno mutha kudzera Lilongwe ndi Salima, kapena kutenga M18 kudzera Mtunthama ndi Malomo, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, nkutsata M5 m'mbali mwa nyanja. Njira yachiwiriyi ili ndi bonasi, pa Nkhotakota mumaima pa mtengo uja David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo, koma nthawi ya mvula M5 siyodalirika, milatho imavuta. Kugona kamodzi nkokwanira. Pa chikhalidwe chenicheni Mua imaposa Lilongwe ndi Zomba kuphatikiza, koma pa mbiri ya boma ndi ndale ilibe kanthu. Ndipo amene amapita kale ku Kulamba ku Mkaika ku Zambia chaka ndi chaka, makamaka abale athu a ku Mchinji oti malire ali pakhomo, gule amamuona wamoyo akuvina, kwa iwo chachilendo chingakhale Zomba.

Tsopano za galimoto, poti apa mpamene magulu ambiri amadanirana. Anthu osapitirira asanu opita ku Lilongwe kokha, kwerani minibasi kapena ka Sienta, m'tauni muziyenda pa kabaza, zimatchipa. Gulu lalikulu, kapena ulendo uliwonse wa Zomba ndi Mua, pangani hayala kosita, chifukwa kusintha galimoto pa Lilongwe ndi pa Balaka kapena Liwonde muli ndi ana ndi mapoto ndi chizunzo. Koma mugwirizane ndi mwini galimoto zonse zilembedwe papepala. Mafuta akuthira ndani, ma toll gate a Kalinyeke ndi Chingeni akulipira ndani, dalaivala adya chiyani agona kuti, ndipo kukwera phiri la Zomba kuli mu mtengo womwewo kapena ayi, chifukwa ambiri akafika m'tsinde amayamba zoti apa sitinapangane, onjezerani. Muuzirenitu kuti zonyamula ma pasenja a m'njira palibe. Nthawi yoti mafuta akusowa musanyamuke ndi theka la thanki podalira kuti tikathira pa Dedza, mudzagona pa filling station. Ndalama za gulu asasunge munthu mmodzi, ndipo pakhale ina yapadera ya tayala likaphulika.

Kwa amene thumba lawo ndi lolimba pali njira yophatikiza yomwe ine ndimaikonda. Tsiku loyamba m'mawa Area 18, manda ndi Nyumba ya Malamulo, masana kupitirira mpaka Zomba. Lachiwiri lonse Zomba. Lachitatu pobwerera, mukadutsa Balaka osabwereranso ku Ntcheu koma kukhotera pa M5 kudzera Golomoti mpaka Mua, kugona komweko kapena ku Salima, lachinayi kulowera Nkhotakota nkutulukira ku Mtunthama. Ndi ulendo wotopetsa ndipo si wa ana a pulayimale, koma kupatula wa pakati pa Zomba ndi pokhotera pa M5, palibe msewu womwe mumaudutsa kawiri.

Ndiye ndikafunsidwa ndimayankha chonchi. Ana a pulayimale ndi agogo ofuna kukaona pomwe inagona Ngwazi, Lilongwe, Lachiwiri kapena Lachitatu, mwabwerako dzuwa lisanalowe. Ana a sekondale, aphunzitsi, ndi aliyense wokonda kutsutsana za ndale pa bawo, sonkhani miyezi ingapo mupite ku Zomba, ngakhale zitatanthauza kudumphitsa chaka chimodzi osayenda. Kwaya kapena gulu la amayi lofuna za miyambo ndi kuonako nyanja panjira, Mua. Miyezi yabwino ndi May mpaka August, misewu youma, kunja kowala, ndalama ya fodya ndi soya ikadalipo. September ndi October utsi wa moto wa tchire umaphimba, pa Emperor's View mumangoona mbuu. Makalata opempha malo ogona ndi olowera ku Nyumba ya Malamulo atumizeni mwezi wathunthu ulendo usanafike, ndipo wina aziimbako foni kutsatira, kalata yongosiya pa geti imatha kugona mu drawer mpaka inu mutabwerako.